Tikusamukira ku Bata: mayankho a mafunso amene mwakhala mukutifunsa

Abale ndi alongo, chilengezereni zoti ine ndi amayi kunyumba kuno pamodzi ndi ana tikuchoka ku Tete kupita kukatumikira mpingo watsopano ku Bata, foni sikupuma, ena pa WhatsApp ena kuyimba ngakhale usiku, ndipo mafunso ake akumakhala omwewomwewo. Nde taona kuti bola tingoyankha pamodzi kuti amene sitinathe kuwayankha bwinobwino asaone ngati tawanyoza. Ena mwa mafunsowa ndi olasa ndithu koma tawasiya mmene anabwerera chifukwa tikudziwa kuti ofunsawo amatikonda.

Ku Bata ndi kuti? Si ku Spain kumeneko?

Ayi, ndi mu Africa momwe muno. Bata ndi mzinda wa m'dziko la Equatorial Guinea, uli m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, Cameroon ali kumpoto, Gabon kum'mwera ndi kum'mawa. Dzikoli lili pawiri, mbali ina ndi ya kumtunda imene amaitcha Río Muni komwe kuli Bata, mbali ina ndi zilumba, chachikulu ndi Bioko pomwe pali mzinda wa Malabo. Ambiri mukusokoneza ndi Guinea wa ku Conakry kapena Guinea-Bissau, amenewo ndi mayiko ena ndipo ali kutali kwambiri kumadzulo.

Za Chisipanishizo zinabwera chifukwa dzikoli linali m'manja mwa Spain, amene analitenga kwa Apwitikizi mu 1778, mpaka linalandira ufulu pa 12 October 1968. Panopa zilankhulo za boma zilipo zitatu, Chisipanishi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, koma chimene mungamve kusukulu, kumsika, mu taxi ndi m'maofesi ndi Chisipanishi basi.

Ndekuti kumeneko kulibe Akhristu?

Funso ili ndi limene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ena mwayamba kale kupemphera kuti "Ambuye atume kuwala kudziko la mdima", ndipo ndikupempha mwaulemu kuti pempherolo tilikonze. Uthenga unafika kumeneko usanafike kwathu. Amishonale a Baptist anali pa chilumba cha Bioko, nthawi imeneyo chikutchedwa Fernando Po, m'zaka za m'ma 1840, mmodzi mwa iwo anali Alfred Saker, ndipo a Spain atawathamangitsa mu 1858 anawolokera ku Cameroon. A Presbyterian ochokera ku America anakhazika mishoni pa chilumba cha Corisco mu 1850 n'kumasulira mabuku a m'Baibulo m'chilankhulo cha Abenga. Tangoganizani, kwathu amishonale a Anglican a UMCA anafika ku Magomero mu 1861, a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, Blantyre 1876, Mvera 1889. Ansembe a Katolika a chipani cha Claretian anafika mu 1883 ndipo chifukwa boma la Spain linali kumbali yawo, lero anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse m'dzikomo amadzitcha Akatolika.

Komanso ndi Akhristu oti anazunzikapo. Mtsogoleri woyamba, Francisco Macías Nguema, m'zaka za m'ma 1970 anatseka matchalitchi ndi masukulu a mishoni, anathamangitsa amishonale, atsogoleri ena a mipingo anamangidwa ena anaphedwa, anthu ochuluka zedi anathawira ku Cameroon, Gabon ndi Spain. Zinatha mu August 1979 atachotsedwa pampando. Nde muli agogo m'mipingo ya kumeneko amene anasunga chikhulupiriro nthawi yoti kupezeka ndi Baibulo kunali kuika moyo pachiswe, anthu ngati amenewo ine sindingapite kukawauza kuti ndakubweretserani Yesu, ndikhala pansi n'kumamvetsera.

Nanga ngati zili choncho mukukatani?

Anatiitana. Mzinda wa Bata wakula mofulumira kwambiri chiyambireni kukumba mafuta m'zaka za m'ma 1990, anthu akuchoka kumidzi ya mkati ngati ku Ebebiyín, Mongomo, Evinayong kubwera kudzasaka ganyu, enanso akuchokera ku Cameroon, Nigeria, Benin, Mali ndi mayiko ena, madera atsopano akungophuka m'mphepete mwa mzinda koma abusa ophunzira bwino ndi ochepa. Mpingo umene tikupitako unayamba ndi mabanja angapo amene ankayenda mtunda wautali kupita kutchalitchi cha mkati mwa tawuni, kenako atsogoleri awo anawalola kuti ayambe kupempherera kudera kwawo komweko, ndiye pakali pano ali ndi akulu ampingo odzipereka koma alibe m'busa wokhazikika. Atsogoleri a kumeneko analembera atsogoleri athu kupempha munthu woti akathandize kwa kanthawi, woti anazolowera kutumikira kunja kwa dziko lake komanso woti sangavutike kwambiri ndi chilankhulo.

Ntchito yanga ikakhala kulalikira, kuyendera mabanja, kuphunzitsa a kalasi ya ubatizo, koma yaikulu kuposa zonse ndi kukhala pansi ndi akulu ampingo ndi achinyamata amene akumva mayitanidwe, kuwerenga nawo Baibulo, kuwaphunzitsa kukonza ulaliki ndi kuyendetsa mpingo, mpaka mmodzi wa iwo adzadzozedwe n'kutenga mpingowo. Zimene Paulo anauza Timoteo pa 2 Timoteo 2:2 zija. Ndikakhala pansi pa ulamuliro wa atsogoleri a kumeneko, osati bwana wochokera kunja, iwo ndi amene adzanene ngati ndikuthandiza kapena ayi. Amayi akagwira ndi amayi anzawo komanso Sande sukulu, ndipo kunena zoona pa zilankhulo iwowa amagwira msanga kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa.

Bwanji mapemphero ake ali m'Chisipanishi osati m'chilankhulo cha eni dziko?

Chifukwa eni dzikowo si mtundu umodzi. Ochuluka ndi Afang, koma m'mbali mwa nyanja muli Andowe, ku Bioko kuli Abubi, kuli a ku chilumba cha Annobón amene chilankhulo chawo chinachokera ku Chipwitikizi, kuphatikiza obwera aja. Pa benchi imodzi pakhoza kukhala mayi wa Chifang, mnyamata wa Chindowe ndi bambo wa ku Cameroon, chimene onsewa angamvane nacho ndi Chisipanishi. Ana obadwira m'tawuni ambiri ndi chimenenso amayankhula tsiku ndi tsiku.

Koma ine sindikukhutira kuti zithere pamenepo. Ndinaziona ku Tete kuti gogo amatha kukhala mu tchalitchi cha Chipwitikizi zaka ndi zaka akungogwedeza mutu, tsiku limene wamva pemphero m'Chinyungwe kapena m'Chichewa ndi pomwe misozi imatsika. Nde Chisipanishi chikakhazikika ndiyambanso Chifang, ndi chilankhulo cha gulu la Bantu ngati chathuchi ngakhale kamvekedwe kake n'kosiyana kwambiri, ndipo ndidzalimbikitsa kuti nyimbo ndi mapemphero a m'zilankhulo zawo zisatayidwe chifukwa choti kwabwera m'busa wachilendo.

Chisipanishicho mumachidziwa?

Tikuphunzira, ndipo Chipwitikizi cha ku Tete chatithandiza kwambiri chifukwa ziwirizi ndi zapachibale, ukamawerenga umamva zambiri ngakhale usanaphunzire. Vuto lake ndi lomwelonso, lilime limathawira ku Chipwitikizi osadziwa, ndiye umapezeka wasakaniza. Chosangalatsa n'choti Chisipanishi chili ndi a, e, i, o, u basi ngati Chichewa, ndipo chimawerengedwa pafupifupi mmene chalembedwera, nde Mmalawi savutika kutchula, kupatula nkhani ya r ndi l imene ife timangoisinthanitsa koma iwo ukasintha tanthauzo lasinthanso.

Baibulo limene mipingo yambiri ya chi evangeliko imagwiritsa ntchito ndi Reina-Valera la 1960. Linachokera ku ntchito ya Casiodoro de Reina amene anathawa ku Spain chifukwa cha chikhulupiriro n'kukasindikiza Baibulo lake ku Basel mu 1569, kenako Cipriano de Valera analikonzanso mu 1602. M'mawa uliwonse tikumawerenga chaputala m'Buku Lopatulika kenako chomwecho mu Reina-Valera mokweza, ana akutikonza. Miyezi yoyambirira ulaliki ndizilemba wonse n'kupatsa mkulu wampingo aukonze ndisanakwere pagome, chifukwa kuyankhula za kumsika ndi kwina, kutonthoza mayi amene wataya mwana ndi kwinanso, pamenepo sufuna kuphonya mawu.

Ku Malawi ntchito yatha kuti muzikapita kutali konseko?

Sinathe ndipo sidzatha. Ndikudziwa kuti pali mipingo kwathu yoti m'busa mmodzi akuyang'anira nthambi zambirimbiri pa njinga ya kapalasa, ndipo amene mwafunsa funsoli simukulakwa. Koma mpingo wa ku Antiokeya pa Machitidwe 13 sunadikire kuti mzinda wonse utembenuke, unatulutsa Barnaba ndi Saulo, anthu oti ankafunika kwambiri pamalopo.

Ifenso mbiri yathu ndi yomweyo. Mu 1876 anyamata a Chixhosa ochokera ku Lovedale ku South Africa anabwera kudzathandiza a Livingstonia, mmodzi wa iwo William Koyi ndi amene anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa chifukwa ankamvana nawo chilankhulo, ndipo anamwalira konkuno, kwawo kunalinso ntchito koma anabwera. Kenako ifenso tinayamba kutuma, David Kaunda anachoka ku Livingstonia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kupita kwa Abemba ku Chinsali, bambo ake a Kenneth Kaunda amenewo, ndipo wansembe wa Anglican Leonard Kamungu anapita ku Msoro ku Zambia n'kukamwalira komweko mu 1913. Maganizo oti mishonale ndi mzungu yekha, ife ntchito yathu n'kulandira, ndi amene atifooketsa, makolo athu sankaganiza choncho.

Mpingo wa ku Tete mukuusiyira ndani?

Mwana wa mpingo womwewo amene wamaliza maphunziro a ubusa ndipo wadzozedwa kale. Miyezi yapitayi ndi iye amene wakhala akutsogolera zonse ine ndili pambali. Kusiyana nawo kukuwawa, sindinama, ana athu anakulira komweko, koma mpingowo uli m'manja abwino ndipo chonde amene munkathandiza ntchito ya kumeneko musasiye chifukwa choti ife tachoka.

Boma la kumeneko limalola amishonale?

Limalola koma lili ndi malamulo ake ndipo ndi okhwima kuposa zimene tinazolowera. Mipingo imayenera kulembetsa ku unduna wa zachilungamo umenenso umaona za zipembedzo, kupatula Katolika ndi mpingo wa Reformed wa m'dzikomo amene ali ndi mwayi wapadera. Mlendo sangangofika n'kuyamba kulalikira, pamafunika chilolezo komanso mapepala okhalira m'dzikomo. Mapemphero ochitika kunja kwa nthawi ya 6 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, kapena kunja kwa malo olembetsedwa, amafuna kupempha kaye, ndipo kusonkhanitsa anthu a kwina m'nyumba ya munthu kuti muchite mapemphero n'koletsedwa. Ndekuti zinthu ngati mapemphero ochezera usiku wonse, misonkhano ya pabwalo, milaga ya m'makomo imene kwathu timangopanga osaganiza kawiri, uko tiziyamba tafunsa atsogoleri a kumeneko kuti zimayenda bwanji.

Pa ndale, pulezidenti ndi Teodoro Obiang Nguema Mbasogo, ali pampando kuyambira 1979, ndipo si dziko loti munthu umangoyankhula za boma mmene timachitira mu minibus kwathu. Ife sitikupitira ndale. Pempho langa lalikulu ndi loti mukamatilembera kapena kuika ndemanga pa zithunzi zathu pa Facebook musamalowetsemo za boma la kumeneko, inu mukhala muli kutali koma amene angavutike ndi abale a mumpingomo, oti alibe kwina kothawira. Musadabwenso ngati sititumiza zithunzi za malo ena, kujambula nyumba za boma, asilikali ndi ma roadblock kumabweretsa mavuto.

Nanga chitetezo ndi matenda?

Kulibe nkhondo. Amene mwasaka pa intaneti mwaona za kuphulika kwa zida pa kampu ya asilikali ya Nkoantoma ku Bata pa 7 March 2021, anthu oposa 100 anafa, mazana ambiri anavulala, nyumba zambiri zinagwa, ndipo mabanja ena amene tikawatumikire akadali ndi mabala a tsiku limenelo mumtima. Mwaonanso za matenda a Marburg amene anabuka mu February 2023, amenewo analengezedwa kuti atha mu June chaka chomwecho. Chimene tizilimbana nacho tsiku ndi tsiku ndi malungo, chifukwa ndi kotentha kwa chinyezi, mvula imagwa nyengo ziwiri pachaka, udzudzu sutha. Katemera wa yellow fever ndi wokakamiza, popanda khadi lake sulowa, tonse tabayitsa kale. Maneti tanyamula.

Si dziko la mafuta limenelo? Nde mukupemphanji thandizo?

Eee funso ili labwera kambirimbiri. Zoona, chitulukireni mafuta pa chitsime cha Zafiro mu 1995 dzikoli limaoneka lolemera pa mapepala, misewu yake ndi yabwino, nyumba zina ndi zochititsa kaso. Koma ndalamazo sizinafike m'thumba la aliyense, ndipo mafutawo akhala akuchepa zaka zapitazi nde ntchito zambiri zinatha. Anthu a mumpingo umene tikupitawu ndi amayi ogulitsa pamsika, oyendetsa taxi, amisiri omanga amene ganyu amaipeza mwa apo ndi apo. Chimene mafuta anabweretsa kwa aliyense ndi kudula kwa zinthu, lendi ndi yokwera, chakudya chambiri ngakhale tomato ndi anyezi chimachokera ku Cameroon, data ya intaneti ndi yodula.

Kenako pali nkhani ya ndalama. Kumeneko amagwiritsa ntchito CFA franc imene inamangiriridwa ku euro, 1 euro imakhala 655.957 CFA osasuntha. Kwacha yathu mukuidziwa, mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndekuti amene ankapereka mokhulupirika chopereka chake chinafika chitachepa kwambiri iye asanasinthe kanthu. N'chifukwa chake tagwirizana kuti mpingo wa ku Bata utipezere nyumba ndi kuthandiza mbali ya chakudya kuyambira pachiyambi pomwe, ngakhale zochepa, chifukwa mpingo umene suzolowera kusamala m'busa wachilendo sudzathanso kusamala wake. Mbali yotsalayo, fizi ya ana, mapepala, matikiti ndi za kuchipatala, ndi imene tikupempha abale kwathu ndi amene muli ku South Africa, UK ndi kwina kuti tigwirane manja.

Ana sukulu ikhala bwanji?

Apa ndi pamene pakutisowetsa tulo kwambiri. Aphunzira m'Chipwitikizi, tsopano alowa sukulu ya Chisipanishi, komanso chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba kumayambiriro kwa chaka pomwe uko chimayamba mu September, nde pali miyezi imene iwonongeke ndipo mwina wamkuluyo abwereza kalasi. Ena mwatiuza kuti tiwasiye kwa agogo awo kapena ku boarding ku Malawi, tinaganizira mozama ndipo tikuthokoza amene munadzipereka kuwasunga, koma tasankha kupita nawo. Anawa sanasankhe okha utumikiwu, chochepa chimene tingawapatse ndi kukhala ndi makolo awo. Kunyumba lamulo silisintha, pakhomo timayankhula Chichewa.

Nsima mukaipeza?

Chakudya chawo chachikulu ndi chinangwa chimene amachinyika, kuchisinja n'kuchikulunga m'masamba, nthochi zophika, mpunga, nsomba za m'nyanja ndi supu wa tsabola wambiri. Chigwada amadya, nsinjiro amathira m'ndiwo, nde sitikhala alendo kwenikweni. Ufa tinyamula wochepa woyambira. Koma kunyumba kwa mkhristu chimene aika patebulo ndi chimene tidye, m'busa wokana chakudya cha anthu ake sangawafike pamtima.

Ulendo wake mumayenda bwanji?

Kunyamuka pa Kamuzu International Airport ku Lilongwe ndi Ethiopian Airlines, kusintha ku Addis Ababa, kukatera ku Malabo, kenako kandege kena kowoloka nyanja kupita ku Bata kosakwana ola limodzi, kapena sitima ya pamadzi imene imatenga nthawi yaitali. Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa dzikolo nde nkhani ya visa ikuyenda kudzera kwa atsogoleri amene atiitana, tsiku lenileni lonyamuka tidzalengeza mapepala akatuluka. Katundu wambiri tagulitsa ndi kugawa, tikungotenga masutikesi, mabuku ndiwo akulemera.

Mukakhala mpaka liti?

Mpaka mpingowo utakhala ndi m'busa wakewake ndipo atsogoleri a kumeneko atanena kuti zakwana. Tagwirizana kuti pakapita zaka zingapo mbali zonse ziwiri zidzakhala pansi kuunika. Sitikupita kukamanga dzina kapena kukatsegula nthambi ya mpingo wa Amalawi, ndipo chikwangwani cha patchalitchipo sichidzakhala ndi nkhope yanga.

Tingathandize bwanji, ndipo tizilumikizana bwanji?

Choyamba pemphero, koma lolunjika, mapepala atuluke, malilime athu amasuke, ana apeze anzawo, ndiponso akulu ampingo a ku Bata amene anyamula ntchitoyi okha nthawi yonseyi asaone ngati tabwera kudzawalanda. Chachiwiri, amene mukufuna kupereka, zochepa za mwezi ndi mwezi zimathandiza kuposa zambiri za kamodzi patsiku lotsanzikana, chifukwa fizi ndi za kuchipatala sizibwera kamodzi. Zonse zizidutsa kwa msungichuma wa komiti ya mishoni kumpingo kwathu ndipo muzilandira lisiti, komitiyo izipereka lipoti. Musatumize ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene wina wakupatsani m'dzina lathu, ngakhale uthengawo utanena kuti tadwala kapena tamangidwa, yambani mwafunsa komiti.

Tizilemba kalata miyezi ingapo iliyonse ndipo izidzawerengedwa m'mipingo imene ikutithandiza. WhatsApp tikhala nayo koma chifukwa cha data chonde mavidiyo ataliatali ndi mauthenga ongotumizirana aja muchepetse, voice note yaifupi yotiuza za kumudzi, maliro, maukwati, mmene mvula yagwera, imeneyo ndi imene tiziyembekezera. Nthawi ya ku Bata imatsalira ndi ola limodzi, ikakhala 8 koloko ku Lilongwe uko ndi 7 koloko, nde Lamulungu m'mawa musayimbe, tizikhala tili m'tchalitchi mpaka masana.